Sitinagonje, koma sitinapite

Katoni yang'ambidwa pakati, mbali yopanda zolemba yayang'ana kumwamba, bolopeni ikuyenda dzanja ndi dzanja.

Aliyense alembe dzina, alembe zigoli, aike ndalama yake pansi pa botolo.

Kuno ndi ku Mogoditshane, kumadzulo kwa Gaborone, kuseri kwa mipanda yodzaza galimoto zochokera ku Japan zomwe zikudikira ogula. Pabwalo la nyumba ina nyama ya ng'ombe ili pamakala, mphika wa nsima wautereka pambali. Chichewa chikumveka, Chitumbuka chikumveka, Chitswana chikulowerera apa ndi apo. Lero Flames ikusewera koyenda. Kwatsala maola awiri kuti mpira uyambe, koma pakatoni paja masewero atha kale.

2-0. 2-1. 3-1. Mdala wina walemba 1-0 ndipo anyamata akumuseka kuti wakalamba ndi mantha omwe.

Palibe walemba kuti tigonja. Mukafunsa chifukwa, akuyankhani ndi funso: kodi amwene, munthu amalosera maliro a kwawo?

Palibenso walemba 0-0.

Chonsecho ngati ulipo mzinda womwe Mmalawi wokonda mpira amayenera kuopa 0-0, ndi uno.

Cha pakati pa mzindawu, pafupi ndi National Stadium, pali bwalo laling'ono la University of Botswana. M'sabata yoyamba ya Juni 2011 Flames inakumana ndi Zebras ya Botswana pamenepa, poti bwalo lalikulu linali likukonzedwa. Masewerowo anatha opanda chigoli. Ochemerera ambiri anagona tulo tabwino usiku umenewo.

Misozi yake inadzabwera patatha miyezi inayi, ndipo itabwera, ambiri anaiwala komwe inachokera.

Unali mpikisano wodzigulira malo ku Africa Cup of Nations ya 2012, yomwe inachitikira ku Gabon ndi Equatorial Guinea. Malawi inagwera mu gulu K limodzi ndi Tunisia, Botswana ndi Chad. Togo inadzalowamo mochedwa, bungwe la CAF litaichotsera chiletso chomwe linaipatsa itachoka ku Angola basi yake itawomberedwa ku Cabinda mu Januwale 2010. Matimu atakwana asanu, lamulo linali loti awiri apamwamba ndiwo adutse.

Aliyense anali ndi masamu ake, ndipo onse ankafanana. Tunisia, akatswiri a Africa a 2004, pamwamba. Malawi pachiwiri.

Botswana? Inali isanapiteko n'kamodzi komwe.

Tisanamizane, matama athu anali ndi pochokera. Mu Juni 2008 Chiukepo Msowoya anagwetsa Egypt pa Kamuzu Stadium, 1-0. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anamwetsa Algeria zigoli zitatu kwa duu, Algeria yomwe inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Kinnah Phiri anali pampando wa mphunzitsi, Peter Mponda atavala lamba wa ukaputeni. Joseph Kamwendo, Robert Ng'ambi, Esau Kanyenda, onsewo miyendo inali idakalimba.

Munthu wakutero ukamuuza za mbidzi, amangoseka.

Mbidzizo zinayamba ndi kukaluma Tunisia kwawo komwe, 1-0, pa 1 Julayi 2010. Anthu anati ndi mwayi. Zinabwera ku Blantyre mu Ogasiti n'kubwererako ndi pointi, 1-1. Anthu anati ndife tinagona. Mu Novembala zinagonjetsanso Tunisia ku Gaborone, 1-0. Pa 26 Malichi 2011 Jerome Ramatlhakwane anagoletsa ku N'Djamena, ndipo Botswana inakhala dziko loyamba kudzigulira malo kupatula eni mpikisano aja.

Pofika Juni, zinthu zinali motere: Botswana mapointi 16, Malawi 9, Tunisia 7. Malo otsala anali amodzi, ndipo tinali titawakhalira ife, patsogolo pa Tunisia ndi mapointi awiri.

Apa ndi pomwe olosera anatuluka onse.

Nthawi imeneyo WhatsApp inali isanafale. Maulosi ankayenda pa mauthenga a pafoni opita ku mapologalamu a zamasewero pa MBC ndi Zodiak, m'maminibasi, pa bawo, mometera tsitsi, komanso pa Facebook kwa ochepa omwe anali ndi intaneti. Koma mfundo zake zinali zomwezomwezo kuyambira ku Ndirande mpaka ku Tlokweng.

Mfundo yaikulu inali yoti awa akhuta kale. Adutsa, alibe chosewerera, adzateteza miyendo yawo.

Ena ankawerenga anthu. Dziko la anthu 2 miliyoni, pomwe ife tinali titadutsa 13 miliyoni, lingatipinge bwanji? Nthabwala yoti ku Botswana ng'ombe n'zambiri kuposa anthu inagwira ntchito sabata imeneyo.

Ndiye panali akatswiri a zaubale. Awa ankati tonse ndife a SADC, likulu lake lili mu Gaborone momwemo, ndiye Atswana sangalole kuti Aluya a kumpoto adutse mbale wawo atatsala. Atisiyira khomo.

Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa ndi ya Chimalawi kwambiri. Timakhulupirira kuti aliyense amene tamupatsa moni ali ku mbali yathu.

Chomwe olosera sanachiyang'ane chinali poyera. Timu ya Stanley Tshosane inali itasewera masewero asanu ndi amodzi osagonjapo. Inali itamwetsa zigoli 7 zokha, koma n'kumwetsedwa ziwiri basi. Mwa masewero asanu omwe inapambana, anayi anathera 1-0. Inali timu yotseka pakhomo n'kukhala chete, Modiri Marumo pagolo, Mompati Thuma kutsogolo kwake, kudikira mpata umodzi woti Ramatlhakwane athawe nawo mpira. Pakhomo pawo onse atatu omwe anabwerapo, Chad, Togo ndi Tunisia, anabwerera manja ali m'khosi.

Chinanso, masewero ndi Malawi anali oyamba a mpikisanowu kuchitikira pakhomo chidutsireni, ndiponso omaliza pamaso pa anthu awo. Linali phwando lawo. Ndani amaitana mudzi wonse ku phwando kuti adzaone iye akukwapulidwa?

Kumbali yathu, mukachotsa 6-2 yomwe tinathambitsa nayo Chad mu Okutobala 2010, masewero anayi otsalawo tinali titamwetsa zigoli zisanu. Kutsogolo kunali kouma kale, kungoti zigoli za tsiku limodzi zija zinkabisa.

Wochemerera sawerenga zimenezi. Ndipo sindikumunena.

Ganizani za Mmalawi wokhala ku Gaborone. Ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena amawerengera makampani ndalama, ena ndi amisiri omanga ndi okonza galimoto. Chaka chonse amayankhula chinenero cha eni, amayenda ndi mapepala m'thumba, amasamala pakamwa. Ndiye kamodzi pa zaka zingapo dziko lake limabwera lokha pakhomo pake, litavala zofiira. Tsiku limenelo amatulutsa mbendera, n'kumuuza mnzake wa kuntchito kuti mawa muona. Sangamuuze kuti mwina tilepherana.

Ndi mbendera yomwe inali nkhani chaka chimenecho. Boma la Bingu wa Mutharika linali litaisintha mu Julayi 2010, dzuwa lofiira lotuluka lija n'kulowedwa m'malo ndi dzuwa loyera lathunthu. Wokhala kunja yemwe anasunga yakale m'sutikesi anapezeka kuti mbendera yake si ya boma. Inadzabwerera mu 2012.

Ochokera kumudzi ulendo wake sunali wamasewera. Pa msewu umadzera pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Bulawayo, Plumtree, kenako Ramokgwebana ndi Francistown. Ukafika apo n'kumati wafika, kwatsalabe makilomita opitirira 400 a msewu wa A1. Chimenecho chinali chaka cha mizere pa malo omwetsera mafuta, chaka chosowa ndalama zakunja. Kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anali atathamangitsidwa mu Epulo. Zionetsero za pa 20 Julayi zinali zikununkhira.

Eni dziko nawonso sanali pa mtendere. Ogwira ntchito m'boma la Ian Khama anali pa sitalaka yomwe inayamba mu Epulo, masukulu ndi zipatala zikuyenda mokoka. Mbali zonse ziwiri zinkafuna nkhani imodzi yabwino.

Gaborone mu Juni kumazizira, kuzizira kouma kolowa m'mafupa, kosiyana ndi chiperoni cha ku Thyolo. Anthu anadzaza, mavuvuzela otsala ku World Cup ya chaka chapitacho analira.

Za mpira weniweniwo palibe zambiri zokamba. Mphindi 90 zinatha ukonde uliwonse usanagwedezeke.

Chodabwitsa ndi zomwe zinachitika oyimbira ataimba wezulo yomaliza. Anthu omwe aja ankati 2-0 dzulo lake, sanakwiye. Anangosintha nyimbo.

Pointi ya koyenda ndi golide. Awa anagonjetsa Tunisia kawiri, ife atilephera kawiri. Sitinagonjebe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zonsezi zinali zoona. Mu gulu lonse Malawi yokha ndi yomwe Botswana inalephera kuigonjetsa, ndipo mpaka lero mukaikoka nkhaniyi pa moto wa nyama ku Mogoditshane, wina adzakukumbutsani zimenezo monyadira.

Koma sabata yomweyo Tunisia inakhoma Chad 5-0. Mapointi awiri omwe tinali nawo patsogolo anasungunuka. Malawi 10, Tunisia 10.

N'chifukwa chiyani timavinira kulepherana koyenda?

Yankho lake lili mu 2009. M'ndime yomaliza ya ulendo wa ku Angola, Flames inagonja masewero onse atatu a koyenda. Ku Abidjan inathambitsidwa 5-0 tsiku lomwe anthu anafa popanikizana pabwalo. Ku Guinea inagonja 2-1, ku Burkina Faso 1-0. Pakhomo inagonjanso ndi Burkina Faso, n'kugonjetsa Guinea 2-1, n'kulepherana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba 1-1. Mapointi anayi okha pa masewero asanu ndi amodzi, koma poti atatu apamwamba ndiwo ankadutsa, tinapita.

Munthu wozolowera kubwerako koyenda atatupa nkhope, tsiku lomwe wabwerako bwinobwino amaona ngati wapambana. Timu ya Kinnah inali itasiya kugonja kunja, ndipo chimenecho chinali chinthu chachikulu. Ku Togo 1-1. Ku Tunisia 2-2. Ku Botswana 0-0. Aliyense mwa masewero amenewa, mukawaona paokha, ndi oyamikika.

Vuto ndi loti mapointi saawerenga paokha.

Wopambana amatenga atatu, olepherana amatenga imodzi imodzi. Kulepherana kulikonse ndiye kuti mapointi awiri atsala pabwalo. Tinali ngati mlimi wokondwa kuti nkhokwe yake sinapse, osadziwa kuti anankafumbwe akudya chimanga m'kati.

Mu Seputembala Tunisia inabwera ku Blantyre. Olosera anati uku ndiye kumanda kwawo, pa kapeti wa Kamuzu Stadium Egypt inalirapo. Zinatha 0-0. Nyimbo inapezekanso: palibe vuto, poti tinagoletsa ziwiri kwawo, tikafanana mapointi ndife tili pamwamba. Zinalinso zoona. Chomwe chinatsala ndi kukagonjetsa Chad, timu yomwe inali isanapambanepo mu gululi, yomwe tinaimwetsa zisanu ndi chimodzi.

Amene analosera kuti tikalephera ku N'Djamena akanathamangitsidwa m'minibasi.

Loweruka pa 8 Okutobala 2011 dziko lonse linali pa wailesi. Mphindi 90 zikukwana, Malawi inali patsogolo 2-1. M'misika anthu anali atayamba kale kuvina, madalaivala manja ali pa hutala. M'mphindi zoonjezera Chad inabweza.

2-2.

Tunisia inagonjetsa Togo 2-0 n'kudutsa ndi mapointi 14. Botswana inamaliza ndi 17. Malawi 12: kupambana kawiri, kulepherana kasanu n'kamodzi, kugonja ayi. Mu gulu lonse ndife tokha tinatsiriza osagonjapo. Botswana inagonjako kamodzi, Tunisia kawiri, ndipo onsewo anakwera ndege.

Mu 2009 tinagonja kanayi n'kupita. Mu 2011 sitinagonje n'kutsala.

Mkwiyo wonse unathamangira ku mphindi yomaliza ija. Otchinga kumbuyo anagona. Bwanji osangoutaya kunja mpirawo? Mphunzitsi anachedwa kusintha. Oyimbira anaonjezera nthawi yambiri. Ena anafika mpaka kwa asing'anga a ku Chad. Mlandu wotere ndi wokoma kuweruza chifukwa uli ndi nthawi yake, malo ake ndi nkhope yoiloza chala.

Ine ndimaona kuti tiketi inatayikira kuno ku Gaborone.

Chigoli chimodzi pa bwalo la University of Botswana chikanatipatsa mapointi 14, ofanana ndi a Tunisia, ndipo pa zomwe zinachitika titakumana awirife, ife tikanakhala pamwamba. Chad ikanabweza chigoli chake chija m'mphindi yomweyo, ife n'kupitabe. Wina anganene kuti masamu omwewo akugwiranso pa Togo, pa Botswana ya ku Blantyre, ngakhale pa Tunisia. Inde. Koma pa masewero onsewo, ndi a ku Gaborone okha pomwe tinakumana ndi timu yomwe pointi sinkaifunanso, ife tili patsogolo pa mdani wathu, ndipo ndi pomwe kutsogolako kunathera. Ndi masewero omwenso tinawaombera m'manja osafunsa funso.

Wochemerera wa Flames amakhala ndi mitima iwiri. Mpira usanayambe ndi mkango, sawopa aliyense, ngakhale Morocco amaipatsa ziwiri. Ukatha amakhala wosavuta kukondweretsa, bola sitinachite manyazi. Pakati pa mitima iwiriyi palibe amene amafunsa kuti kodi pa tsikuli timafunika chiyani, ndipo tachipeza? A bungwe la mpira la FAM, omwe nthawi imeneyo ankatsogoleredwa ndi Walter Nyamilandu, sankasowa pobisala. Anthu okondwa ndi pointi savuta kuwalamulira.

Kumayambiriro kwa 2012 Amalawi a ku Gaborone anaonera mpikisanowo pa kanema pakati pa eni dziko atavala zobiriwira ngati thambo. Zebras inagonja 1-0 ndi Ghana, inakhomedwa 6-1 ndi Guinea pomwe Dipsy Selolwane anagoletsa pa penate chigoli chawo choyamba m'mbiri ya mpikisanowu, n'kumaliza ndi kugonja 2-1 ndi Mali. Pakamwa pa Amalawi panatuluka mawu amodzi: tikanapita ife sizikanatero. Kenako onse anasamukira kwa aneba a Zambia, omwe anatenga chikho ku Libreville pogonjetsa Ivory Coast pa mapenate.

Kinnah Phiri anachotsedwa ntchito kumayambiriro kwa 2013. Flames inadikira mpaka Januwale 2022, ku Cameroon, kuti iwonekenso pa mpikisanowu.

Koma tisawanyoze kwambiri okonda pointi ya koyenda, nthawi zina amalondola. Mu Seputembala 2019 Flames ya Meke Mwase inabweranso ku Botswana, ulendo uno ku Francistown, pa ndime yoyamba ya World Cup ya 2022. Zinathanso 0-0. Patangotha masiku atatu, pa Kamuzu Stadium, Gerald Phiri Jr anagoletsa penate chakumapeto, Malawi n'kudutsa 1-0. Kumeneko kunali kuchotsana kwa matimu awiri, ndipo kutseka pakhomo koyenda n'kudzamaliza ntchito kwanu ndi nzeru. Zigoli zofanana, dziko lomwelo, phindu losiyana. Ochemerera anavina mofanana maulendo onse awiri.

Lero kulosera kwasanduka malonda. Mashopu a Premier Bet ali m'matauni ambiri a ku Malawi, ndipo kubetcha kwalowa m'foni, moti munthu amataya ndalama ya ndiwo ali chigonere pamphasa. Izi zabala wochemerera wamtundu wina, woyankhula ziwiri. Pakamwa akuti tiwaswa 2-0, pa tiketi waika kuti zigoli sizipitirira ziwiri, mwinanso wabetchera eni bwalo. Flames ikagoletsa amalumpha ndi anzake, kenako n'kusuzumira pafoni nkhope itagwa, dziko lake lamuphera tiketi.

Ameneyu ndiye waphunzira kuwerenga. Amadziwa timu yomwe simwetsedwa pakhomo, amadziwa amene wavulala, amadziwa kuti Flames imavutika kugoletsa kunja. Zomwe chikondi chinalephera kumuphunzitsa, ndalama yamuphunzitsa. Kungoti nzeru zakezo amazibisa. Pagulu, pomwe pali achimwene ake ndi alamu ake, amalembabe 2-0.

Mfundo ija yoti awa akhuta kale inadzakwaniritsidwa, koma mochedwa ndi zaka 13. Mu Novembala 2024 Burkina Faso inafika pa Bingu National Stadium itadzigulira kale malo ku mpikisano wa ku Morocco. Flames, yomwe inali m'manja mwa Kalisto Pasuwa Patrick Mabedi atachotsedwa, inaikuntha 3-0, patangopita masiku ochepa italepherana ndi Burundi koyenda, 0-0. Lilongwe inasangalala. Malawi inali itatuluka kale, ndipo inamaliza pansi penipeni pa gulu lake.

Sabata yomweyo Zebras ya Morena Ramoreboli inapita ku Cairo ikudziwa chomwe ikufuna. Inalepherana ndi Egypt 1-1, n'kudzigulira malo ku Africa Cup of Nations kachiwiri.